Ankasakaniza atavala majumbo m'manja

Inu owerenga, agogo amene anandilera ndinawadwalitsa ndi manja angawa, ndikuganiza kuti ndikuwasamalira. Ndinkawadzoza mafuta amene sindinkadziwa zimene zinali m'kati mwake. Munthu amene ankadziwa alipo, akudya ndi kugona bwinobwino mu Mzuzu momuno, ndipo sindinamukhululukire. Ndalemba izi kuti inu musapusitsidwe ngati mmene ndinapusitsidwira ine.

Makolo anga anamwalira ndili wamng'ono, moti nkhope zawo sindizikumbuka. Agogo, mayi a mayi anga, anachoka nane kwathu ku Nkhata Bay n'kudzakhala ku Masasa m'kanyumba ka lendi. Ntchito yawo inali kuluka majuzi, zipewa ndi timasokosi ta makanda n'kumakagulitsa kumsika. Amene mukudziwa kuzizira kwa Mzuzu mukudziwanso kuti khanda silituluka m'chipatala kuno lopanda chipewa. Ulusi ndi singano zolukira zija ndi zimene zinandiphunzitsa mpaka Fomu 4. Agogo sanali munthu wa mawu ambiri. Tinkatha kukhala pakhonde masana onse, iwo akuluka, ine ndikukulunga ulusi, osayankhulana koma tikumvana. Inenso ndinakula choncho, woyang'ana kwambiri kusiyana ndi kuyankhula. Mwana wamasiye amaphunzira msanga kuona zinthu n'kutseka pakamwa.

Nditamaliza sukulu ndinapeza ntchito yoluka tsitsi mu saluni ina ku Chiputula. Eni ake ndiwatchula kuti Mayi a Tiyamike, ngakhale dzina la mwana wawo si limenelo. Anachokera kummwera kalekale, ndipo tinkapemphera mpingo umodzi. Anali mayi wa pakamwa pokoma, woyambitsa nyimbo pa maliro, wodziwa kufunsa munthu za kunyumba. Koma saluniyo sindiyo inkawadyetsa. Chimene chinkawadyetsa chinali kachipinda ka kuseri, mmene ankasakaniza mafuta oyeretsa khungu. Ankabwera nawo m'zidebe zopanda dzina, kuwatakasa m'beseni, kenako kuwathira m'timabotolo toyera ta chivindikiro chapinki. Makasitomala ankangowatchula kuti mikisi. Ankabwera azimayi a m'maofesi, aphunzitsi, atsikana a kukoleji, ngakhale akazi a akuluampingo, aliyense kulowa ngati wadzapesetsa tsitsi n'kutuluka ndi kabotolo m'chikwama.

Sabata yoyamba yomweyo ndinaona chinthu chimene chikanandipulumutsa ndikanachiganizira. Mayi a Tiyamike akamasakaniza, ankavala majumbo m'manja onse awiri, kuwamanga pamkono ndi mphira, kutsegula zenera, n'kudzikulunga duku pamphuno. Akamaliza, majumbowo ankawatentha kuseri. Iwo eni ankadzola mafuta wamba a m'golosale. Tsiku lina Tiyamike, mwana wawo mmodzi yekhayo, anabwera kutchuthi kuchokera kukoleji, ndipo mocheza anagwira supuni ya m'beseni muja. Mayi ake anamumenya padzanja, kumukokera kumpope, n'kumusambitsa ndi sopo ngati kamwana. Tiyamike anali wakuda ngati ine, wokongola, ndipo palibe tsiku limene mayi ake anamuuzapo kuti ayere. Zonsezi ndinaziona. Ndinangoti mwina ndi ukhondo wawo.

Ine ndiye sanandisiye. Ankati nkhope yanga ndi chikwangwani cha saluni yawo, ndipo kasitomala sangakhulupirire mikisi pamene womuluka tsitsi ali bii ngati m'munsi mwa poto. Ankanena akuseka, makasitomala n'kumaseka nawo, inenso n'kumamwetulira chifukwa ntchito ndinkaifuna. Kabotolo koyamba anandipatsa ulele. Anandilangiza kuti ndikakathire m'botolo lalikulu la mafuta odzola a kunyumba, kuti kasathe msanga komanso kuti khungu lisapse.

Inu owerenga, amene munakulira m'nyumba yosauka mukudziwa kuti mafuta odzola sakhala ndi mwini. Kwathu botolo linali limodzi, thaulo limodzi, ndipo miyezi yozizira tinkafunda bulangeti limodzi. Ndinathira mikisi ija m'botolo lathu n'kukhutchumula. Nthawi ya chisanu manja a agogo ankang'ambika, zidendene zikuchita ming'alu mpaka kutuluka magazi, ndipo kuyambira ndili mwana inali ntchito yanga kuwadzoza madzulo ndisanakonze pogona. Sindinasiye. Ndinkapaka mafuta aja m'ming'alu yotseguka, kusisita chala chilichonse mpaka alowe. Agogo ankati mafuta a masiku ano ndi ofewa bwino, n'kuthokoza m'chiyankhulo cha kwathu kuti yewo chomene. M'mawa ankadzolanso okha kumaso ndi m'miyendo.

Ine ndinayera ndithu. Akabaza amene kale sankandiona anayamba kundiimbira belu, ndipo kutchalitchi atsikana ankandifunsa chinsinsi. Mayi a Tiyamike ankandiimika pakhomo n'kumauza makasitomala kuti aone umboni. Mabotolo otsatirawo ndinkagula ndekha. Agogo sananditsutse. Tsiku lina lokha anandiyang'anitsitsa n'kunena kuti, "Nkhope ya mayi ako ikutha." Sindinkadziwa kuti nkhope imene sindinkaikumbuka ija ndinkayenda nayo, ndipo ndinali kuifufuta ndekha.

Chizindikiro choyamba ndinachimva ndi makutu. Singano za agogo zinali ndi kaliridwe kake kamene ndinakula nako, ndipo kanayamba kusokonekera. Ankagwetsa ulusi, kuphwasula, kuyambanso. Chipewa chimene ankamaliza masana amodzi chinayamba kuwatengera masiku. Kenako manja anayamba kunjenjemera poonekera, moti kapu ya tiyi ankaigwira ndi manja awiri. Munthu amene sanandikalipirepo anayamba kupsa mtima ndi zinthu zazing'ono, kuiwala kumene waika ndalama za ulusi, kudandaula kuti m'kamwa mukumveka chitsulo. Mapazi anatupa, nkhope nayo n'kumadzuka itatupa, ndipo mkodzo wawo unkachita thovu ngati muli sopo. Anthu oyandikana nawo ankati ndi ukalamba. Ena ankanong'ona kuti abale a kunyanja awaponyera chinthu. Ine, poona kuti akudwala, ndinawonjezera chisamaliro: ndinayamba kuwasisita miyendo yotupayo ndi mafuta omwewo, m'mawa ndi madzulo.

Inenso mutu unkandiwawa, tulo sitinkabwera, nkhama zinkatuluka magazi ndikamatsuka m'kamwa. Nkhope inali yoyera koma mfundo za zala zinada kwambiri. Ndinkati ndi nkhawa.

Kuchipatala tinapita maulendo angapo, akumatipatsa mankhwala a kuthamanga kwa magazi. Ulendo wina tinapeza dokotala wachizimayi amene, atamaliza kuwaona agogo, anatembenukira kwa ine. Anandiyang'ana kumaso, kenako m'zala, n'kundifunsa chimene ndimadzola, komanso ngati agogo amadzola nawo. Anati ndibwere ndi botololo. Analitumiza kwina kukaliyeza, ndipo zotsatira zinachedwa kwambiri. Zitabwera anatiuza kuti mafutawo anali ndi mekyule, chitsulo chamadzimadzi chija chooneka ngati siliva chimene chinkakhala m'tizipangizo takale toyezera kutentha kwa thupi. Anati amaikamo dala chifukwa amaletsa khungu kupanga mtundu wake. Amalowa pakhungu, makamaka pamene pali zilonda, n'kukawononga impso ndi mitsempha. Amatsalira pa thaulo, pa zofunda, pa chilichonse chimene wodzolayo wagwira, moti amadwalitsa ndi amene sanadzole, makamaka ana ndi amayi oyembekezera. Sananene kuti mafuta okhawo ndi amene anagwetsa agogo, popeza impso za munthu wamkulu zimakhala zitatopa kale. Koma anati mtolo umene tinazisenzetsa sizikanaukwanitsa.

Agogo anamva zonse. Tili panja ndinagwada pa simenti pamaso pawo. Iwo anangondigwira pamutu ndi dzanja lonjenjemera lija n'kunena kuti tiye, dzuwa likulowa.

M'mawa mwake ndinapita ku Chiputula n'kuwauza Mayi a Tiyamike zimene dokotala ananena. Ndinkayembekezera kuti adzidzimuka. Sanadzidzimuke. Anatseka chitseko kuti makasitomala asamve, n'kundifunsa motsitsa mawu kuti, "Kodi ine ndinakuuza kuti ukadzoze nkhalamba?" Kenako anandiuza kuti ntchito yatha, ndipo ndikayerekeza kuwaipitsira dzina mtauni muno adzandionetsa. Pamenepo ndi pamene majumbo aja anabwerera m'maganizo mwanga. Ankadziwa. Tsiku limene ankandiuza kuti ndikathire m'botolo la kunyumba ankadziwa kuti ndimakhala ndi agogo, chifukwa Lamulungu lililonse ankawapatsa moni pakhomo la tchalitchi.

Thaulo, bulangeti ndi mafuta otsala tinataya monga dokotala anatiuzira, koma impso za agogo sizinabwerere. Anavutika miyezi ingapo, ndipo anamwalira mvula itangoyamba, chipewa cha khanda chobiriwira chili pa singano, chosamaliza.

Tisananyamule maliro kupita ku Nkhata Bay, anthu a mpingo anasonkhana ku Masasa. Mayi a Tiyamike anabwera atavala zoyera za amayi a mpingo, anayambitsa nyimbo, analira mokweza kuposa ine. Masana ndikupita kukatunga madzi kuseri kwa nyumba, ndinawapeza akutulutsa kabotolo ka chivindikiro chapinki m'chitenje n'kupatsa mayi wina wa m'kwaya. Pa maliro a agogo anga, kuseri kwa chipinda mmene munali bokosi lawo. Anandiona, sanagwetse nkhope. Inu owerenga, tsiku limenelo chisoni changa chinasanduka chinthu china. Ndinalumbira mumtima kuti mayi ameneyu ndidzamuvula pamaso pa anthu omwewa amene amamupatsa ulemu.

Poyamba ndinayesa njira yoongoka. Ndinkaimitsa makasitomala amene ndinkawadziwa n'kuwafotokozera. Ambiri ankandiseka, amvekere ndi nsanje chifukwa anandichotsa ntchito. Wina anandiuza kuti popeza ine ndinayera kale, ndikufuna anzanga akhale akuda. Pa wailesi ndinamva kuti maiko agwirizana zoletseratu mekyule m'mafuta odzola, m'sopo ndi zina zodzikongoletsera, ndipo ndinasangalala. Koma kabotolo kopanda dzina, koyenda m'chitenje, lamulo limakapeza bwanji? Ndinazindikira kuti mawu anga sadzamveka. Ankafunika mawu a iwo eni.

Ndinadikira. Kudikira ndimakutha. Ndinapeza ntchito yogulitsa kaunjika kumsika, khungu langa linabwerera pang'onopang'ono, lamawangamawanga m'masaya, ndipo kutchalitchi ndinkawapatsa moni mayiwo mwaulemu mpaka anakhulupirira kuti ndinagonja. Ndiye kunamveka kuti Tiyamike akukwatiwa, ndipo ukwati usanachitike kudzakhala phwando la amayi okhaokha lolangiza mkwatibwi ndi kumupatsa mphatso.

Amene munapitako ku maphwando amenewa mukudziwa kayendetsedwe kake. Mkwatibwi amakhala kutsogolo atawerama, mayi ake pambali, ndipo woyendetsa mwambo amaitana magulu: achibale, a mpingo, a kuntchito, anzake a mayi. Gulu lililonse limavina kupita kutsogolo, kufupa, kupereka mphatso, ndipo amene ali ndi mawu amapatsidwa maikolofoni. Mphatso ya pamaso pa anthu siikanidwa, ndipo wopereka saletsedwa kuyankhula. Ndinadziwanso kuti theka la holoyo lidzakhala makasitomala a mikisi.

Ndinagula kumsika kabotolo katsopano, koyera, ka chivindikiro chapinki, kofanana ndi tawo tija. Ndinathiramo mafuta wamba a m'golosale, oyera, opanda vuto lililonse. Izi ndikufuna muzimve bwino: sindikanapaka munthu chinthu chimene chinapha agogo anga. Ndinakakulunga m'pepala lonyezimira.

Linali Loweruka masana, mu holo ina ku Ching'ambo. Ataitana gulu la ku saluni, ndinadzuka n'kuvina nawo kumbuyo. Mayi a Tiyamike atandiona anamwetulira, mwina ankati ndabwera kudzapepesa. Anzanga atamaliza kufupa ndinapempha maikolofoni. Woyendetsa mwambo anaseka, amvekere lero kugwa mvula ya matalala, chifukwa uyu sitinamumvepo mawu. Holo inaseka. Ndinamasula pepala lija, kukweza kabotolo m'mwamba kuti aliyense akaone, n'kunena kuti:

"Amayi, tonse muno mwatiyeretsa, koma mwana wanu yekha munamumana. Lero ndamugulira ine. Asakalowe m'banja osalawako zabwino za mayi ake."

Azimayi anawomba m'manja, ena akululutira, poganiza kuti ndi nthabwala. Ndinapatsa woyendetsa mwambo maikolofoni, ndinagwada, kutsegula kabotolo, kutapa ndi chala, n'kugwira dzanja la Tiyamike mmene ndinkagwirira la agogo. Iye sanakane, anangomwetulira mwamanyazi.

Mayi ake anadumpha pampando. Anamenya kabotolo kaja mpaka kanakagwera pansi pa tebulo la keke, anandikankha, n'kukuwa, maikolofoni ili m'manja mwa woyendetsa mwambo pafupi ndi pakamwa pawo:

"Usamupake poizoniyo! Ukufuna undiphere mwana? Ndi woyembekezera uyu!"

Woimba nyimbo anazimitsa zoimbira zake. Mayiwo anali akupukuta dzanja la Tiyamike ndi nsonga ya chitenje chawo chatsopano, ndipo anapukuta kanthawi asanazindikire zimene ananena. Kenako mphunzitsi wina, kasitomala wa zaka zambiri, amene nkhope yake inali itafiira ngati yopsa ndi madzi otentha, anaimirira n'kufunsa modekha kuti ngati ndi poizoni, nanga ife mwakhala mukutigulitsa chiyani. Ine ndinatola kabotolo kaja, ndinadzipaka m'manja pamaso pawo, n'kuwauza kuti munali mafuta a m'golosale. Chimene anaopa chinali chivindikiro chapinki basi.

Sindikunamizani, ndinatuluka mu holo muja mtima uli myaa. Kwa nthawi yoyamba chimwalirireni agogo, ndinadya n'kumva kukoma. Pofika Lolemba nkhani inali ponseponse. Makasitomala ena anakataya mabotolo pakhomo la saluni, angapo anapita kuchipatala kukayezetsa, ndipo mwezi usanathe saluniyo inatsekedwa. Pa maliro sayambitsanso nyimbo. Zimenezi sindikudandaula nazo ngakhale pang'ono, ndipo nditapatsidwa mwayi wina ndikhoza kuwonjezera.

Chimene chimandiluma ndi Tiyamike. Zoti anali ndi pakati sindinkadziwa. Mu holo muja munali apongozi ake ndi akazi a akuluampingo. Ukwati wa mu tchalitchi unaimitsidwa, iye ndi mwamuna wake anaitanidwa ku mpingo kukayankha mlandu, ndipo anakalowa m'banja mwakachetechete, opanda velo, opanda kwaya. Mtsikana uja sanandilakwirepo. Akabwera kutchuthi ankandibweretsera masiwiti n'kumanditchula kuti asisi. Ndinagwiritsa ntchito dzanja lake ngati nyambo, ndipo mbedza inamukola iyenso. Tinakumana kamodzi kumsika atabereka mwana kumbuyo. Anandiyang'ana, ine ndinayang'ana pansi, n'kudutsana. Mlandu umenewo ndi wanga. Koma ndikakumbukira kuti mayi ake ankadziwa kuteteza mdzukulu amene anali asanabadwe n'komwe, pamene agogo anga ankawaona akunjenjemera pa benchi ya tchalitchi, mkwiyo umabwerera wonse.

Ndipo musaganize kuti anasiya. Ndamva kuti anasamukira dera lina la mzinda uno, akugulitsa kudzera pa foni, chivindikiro chasintha mtundu. Ine manja anga amanjenjemera pang'ono ndikatopa, ndipo kuchipatala amandiyezabe impso. Chipewa chobiriwira chija ndinayesa kuchimaliza, koma ulusi umandipulumuka. Chili m'sutikesi ndi singano zake.

Tsono inu owerenga, mafuta opanda dzina, osalembedwa zimene zili m'kati, olonjeza kukuyeretsani m'masabata ochepa, asalowe m'nyumba mwanu. Musanene kuti thupi ndi langa. Thaulo si lanu nokha, bulangeti si lanu nokha, ndipo mwana amene mukumuyamwitsa kapena nkhalamba imene mukuisisita sanasankhe nawo. Ngati mwakhala mukudzola, siyani, tengani botololo mupite nalo kuchipatala, ndipo mukanene zoona ngakhale manyazi akugwireni. Inu amene muli ndi udindo woletsa zinthu zimenezi, musangoyang'ana m'mashelefu a m'masitolo. Lowani m'tizipinda ta kuseri kwa masaluni, funsani za mabeseni. Tsiku limene mudzafune wokulozerani khomo mu Mzuzu muno, ine ndidzatseka benchi langa la kaunjika n'kukutsogolerani wapansi. Amene muli ndi mtima wobwezera ngati wangawu, yang'anani kaye amene waima pafupi ndi mdani wanu, chifukwa mwala susankha mutu.

Koma chachikulu chimene ndikukusiyirani ndi ichi. Chenjezo ndinapatsidwa sabata yoyamba, ndinaliona ndi maso angawa, ndipo ndinakhala chete monga ndinazolowerera. Ndikanangofunsa funso limodzi, bwenzi singano zija zikulirabe pakhonde ku Masasa. Munthu akamakuuzani kuti mudzole kumaso chinthu chimene iye akuchigwira atavala majumbo, musamvere pakamwa pake. Yang'anani manja akewo.